Kudzaza mtsuko, kupakira chombo, kuoneratu: komwe mawu a Chingerezi onena za kupereka zinthu anachokera

Nyengo ya bajeti ikafika, pa wailesi pamamveka kuti aphungu alowa mu *Committee of Supply*. Munthu amene liwu loti *supply* analidziwira kwa anthu a bizinesi, aja amati akusapulaya nyemba kusukulu yogonera konko, amadabwa: kodi aphungu ayamba liti kugulitsa katundu? Tsiku lomwelo akatsegula nyuzipepala apeza chidziwitso cha tenda chofuna kampani yochita *supply, delivery and installation* ya makina. Tsamba lotsatira, sukulu ina ikudzitama kuti labotale yake ndi *fully equipped*. Kalata ya ku banki nayo ikuti *kindly furnish us with* mapepala akutiakuti, chonsecho *furniture* ife timadziwa kuti ndi mipando ndi matebulo.

Womasulira akatopa, zonsezi amangoti "kupereka", ndipo nthawi zambiri sakhala kuti walakwa. Koma mawuwa si mapasa. Lililonse linafika m'Chingerezi podzera njira yakeyake, litasenza chithunzi chake: lina cha mtsuko wosadzaza, lina cha chombo chokonzekera ulendo, lina cha munthu woona patali. Chithunzicho chikadziwika, kagwiritsidwe ntchito ka liwulo sikafunanso kuloweza pamtima.

## N'chifukwa chiyani mawuwa ndi ochuluka chonchi?

Chingerezi chinayamba ngati chilankhulo cha mitundu ya Angles ndi Saxons, yomwe inaolokera ku Britain kuchokera kumpoto kwa Germany ndi Denmark m'zaka za m'ma 400. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 700, a Viking a ku Scandinavia anayamba kufika pa zombo zawo, poyamba kudzafunkha, kenako kudzakhazikika. Mu 1066 William wa ku Normandy anapambana nkhondo ya ku Hastings n'kulanda England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinali chilankhulo cha kwa mfumu, cha kubwalo la milandu ndi cha anthu olemera. Pamwamba pa zonsezi panali Chilatini cha tchalitchi ndi cha ophunzira.

Mlendo aliyense anasiya mawu ake, ndipo eni mudzi sanataye awo akale. Liwu lalifupi loti *give* linatsala pakamwa pa aliyense, pomwe mawu a m'makalata a boma, a asilikali ndi a malonda anachokera ku Chifalansa ndi Chilatini. Mpaka lero mwana amati *give*, loya amati *furnish*. Ifenso tili ndi mbiri yotere: nsapato ndi kapitawo tinatenga kwa Apwitikizi, ndege kwa Aswahili, sukulu kwa Angerezi.

## Supply: kudzaza pomwe paperewera

Liwu loti *supply* linalowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa, koma kwawo kwenikweni ndi ku Chilatini, ku mneni woti *supplere*. Mneniyu ali ndi zidutswa ziwiri: *sub*, kutanthauza pansi kapena kuchokera pansi, ndi *plere*, kudzaza. Taganizani za mtsuko womwe madzi ake atsika kufika pakati, wina n'kuthiramo ena mpaka afike m'khosi. Ameneyo sanangopereka madzi ayi, wadzaza pomwe panaperewera.

Tanthauzo lakaleli likadalipo. Ku Britain mphunzitsi woitanidwa kudzagwirizira kalasi mwini wake akadwala amatchedwa *supply teacher*. Sabwera ndi choko kapena mabuku; iye mwini ndiye chodzazira mpata. Wophunzira amene walephera phunziro limodzi kukoleji n'kuitanidwa kukalemba *supplementary* akukadzaza pomwe malikisi anaperewera, ndipo *supplementary budget* ndi ndalama zowonjezera pa bajeti yomwe yatha chaka chisanathe. Tsinde lomwelo lili mu *complete*, kudzaza mpaka kumaliza, mu *replenish*, kudzazanso, ndi mu *deplete*, kukhuthula zomwe zinadzazidwa.

Mtsuko wa madzi sudzazidwa kamodzi. Mawa utsikanso. N'chifukwa chake *supply* limakonda zinthu zomwe zimatha ndipo zimafunika tsiku ndi tsiku: madzi, magetsi, mafuta a galimoto, mankhwala. Lembo la S m'dzina la ESCOM ku Malawi, la ZESCO ku Zambia ndi la ZESA ku Zimbabwe likuimira liwu lomweli. Nayo Eskom ya ku South Africa inayamba mu 1923 ndi dzina loti Electricity Supply Commission.

Akatswiri a zachuma analitenga liwuli n'kulikwatitsa ndi *demand*. Mawu oti *supply and demand* amapezeka kale m'zolemba za James Steuart wa ku Scotland mu 1767. Apa *supply* si mchitidwe wopereka, koma kuchuluka kwa katundu yemwe ogulitsa ali okonzeka kumugulitsa pa mtengo wakutiwakuti. Aliyense amene anagulapo chimanga mu Meyi, anthu atangokolola, n'kudzagulanso mu Januwale, nkhokwe zitapepuka, phunziroli analikhoza kale.

Nanga aphungu aja? Mafumu akale a ku England ankayenera kuyendetsa ufumu ndi chuma cha m'minda yawo komanso ndalama zina zomwe mwambo unkawalola kutolera. Nkhondo ikabuka chumacho sichinkakwana, choncho mfumu inkaitanitsa nyumba ya malamulo kuti ivomereze msonkho wapadera wodzazira pomwe paperewera. Ndalama zovomerezedwazo n'zimene zinkatchedwa *supply*. Aphungu sanachedwe kuzindikira kuti mphamvu zawo zagona pamenepa: mfumu imve kaye madandaulo a anthu, ndalama pambuyo. Charles I anayesa kuwazemba, n'kulamulira popanda nyumba ya malamulo kuyambira 1629 mpaka 1640, koma atafuna ndalama zomenyera nkhondo ndi anthu a ku Scotland anakakamizika kuwaitananso. Mkanganowo unabala nkhondo yapachiweniweni, ndipo iye anadulidwa mutu mu 1649.

Mwambo wa *Committee of Supply* unafalikira m'maiko omwe Britain inkalamulira. Nyumba yonse imasanduka komiti, n'kumaunika ndalama za unduna uliwonse paokhapaokha isanalole boma kuzigwiritsa ntchito. Ku Britain komweko komitiyi inathetsedwa m'zaka za m'ma 1960, koma ku Lilongwe dzinali likugwirabe ntchito. Kukana *supply* si nkhani yamasewera. Ku Australia mu 1975, nyumba ya Senate itakana kudutsitsa ndalama za boma, woimira Mfumukazi, John Kerr, anachotsa nduna yaikulu Gough Whitlam pa 11 Novembala.

## Equip: liwu la panyanja

Poliona, *equip* limaoneka ngati m'bale wake wa *equal* ndi *equator*, koma palibe ubale. Awiriwo ndi ana a liwu la Chilatini loti *aequus*, chinthu chofanana ndi chinzake. *Equip* ndi mwana wa amalinyero.

A Viking chombo ankachitcha *skip*, ndipo anali ndi mneni woti *skipa*, kuika zinthu m'malo mwake, makamaka kuika anthu ndi katundu m'chombo. Mu 911 mfumu ya ku France, Charles the Simple, inapatsa mtsogoleri wa a Viking wotchedwa Rollo malo ozungulira mzinda wa Rouen, ndipo deralo linadzatchedwa Normandy, dziko la anthu a kumpoto. Zidzukulu zawo zinasiya chilankhulo cha makolo n'kuyamba Chifalansa, koma mawu a panyanja anatsalira. Akatswiri ambiri amati umu ndi momwe *skipa* anasandukira *esquiper*, kenako *équiper*, kukonzekeretsa chombo. Angerezi analibwereka m'zaka za m'ma 1520.

Nanga *e* wakutsogoloyo anachokera kuti? Pakamwa pa Afalansa a nthawiyo, liwu silinkayamba ndi *s* wotsatana ndi lembo lina lopanda liwu. Ankaika *e* patsogolo kuti lilime lipeze popondera, ndipo patapita zaka *s* uja anasiya kumveka. Momwemonso *schola* wa Chilatini anakhala *escole*, kenako *école*. Ife vuto lomweli tinalithetsa mwanjira ina, poika lembo la liwu pakati: *school* anakhala sukulu, *store* anakhala sitolo, *steamer* anakhala sitima. A Viking akanakocheza ku Nkhotakota m'malo mwa ku Rouen, bwenzi lero tikunena za kusikipa.

Chosangalatsa n'chakuti Angerezi anali nalo kale liwuli. M'Chingerezi chakale chombo chinali *scip*, ndipo katchulidwe kake kanafewa n'kukhala *ship*, pomwe a ku Scandinavia anasunga *sk*. Zinachitikanso ndi *shirt* ndi *skirt*, omwe poyamba anali liwu limodzi la chovala chachifupi. Choncho *equip* ndi *ship* yemweyo, wobwera kwawo atavala za ku France, abale ake osamuzindikira.

M'Chifalansa gulu la anthu ogwira ntchito limodzi linadzatchedwa *équipe*, ndipo lero limatanthauzanso timu ya mpira. Apwitikizi analitenga, n'chifukwa chake okonda mpira ku Tete ndi ku Angónia amati *equipa* ponena timu.

Chithunzi cha chombochi chimathetsa chisokonezo chomwe chimavuta ambiri m'maofesi, cha kusiyana kwa *equipment* ndi *supplies*. Msodzi wa usipa asananyamuke madzulo amaonetsetsa kuti boti lili ndi injini, chilimira, nyali ndi nkhafi. Izi ndi zida zomwe abwerera nazo m'mawa n'kudzagwiritsanso ntchito mawa lake: ndiyo *equipment*. Petulo ndi chakudya cha alovi zithera panyanja pomwepo, ndipo mawa afunika kugula zina: ndiwo ma *supplies*. Kuchipatala, makina ounikira m'thupi ndi bedi la opaleshoni ndi *equipment*; magolovesi, thonje ndi majakisoni ndi *supplies*. Owerengera ndalama amazilemba m'mabuku osiyana, chifukwa china ndi chuma chokhalitsa, china chimatha chaka chomwecho. Ndipo nduna ikanena kuti ikufuna *to equip the youth with skills*, ikunena za kuwapakirira luso loti likawathandize paulendo womwe adzayende okha.

Mawu enanso a gululi ananunkhira madzi a m'nyanja. *Outfit* poyamba kunali kukonzekeretsa chombo cha ulendo wautali, m'zaka za m'ma 1700. Tanthauzo la zovala linabwera m'zaka za m'ma 1800. *Tackle* linachokera kwa Adatchi ndi anansi awo a kumpoto kwa Germany, ndipo linkanena zingwe za chombo. *Gear*, lomwe ife timati giya, ndi la a Viking, ndipo linkatanthauza zovala ndi zida zomwe munthu wakonzeka nazo, kalekale galimoto kulibe. *Kit* kanali kachidebe kathabwa ka Adatchi, kenako dzinali linasamukira pa katundu wa msilikali.

## Furnish: si mipando yokha

Liwu ili linafika m'zaka za m'ma 1400 kuchokera ku Chifalansa chakale, *furnir* kapena *fournir*, koma Afalansanso analitenga kwa a Frank, mtundu wolankhula chilankhulo chapachibale ndi Chijeremani, womwe unapatsa dziko la France dzina lake. Tanthauzo lake linali kukwaniritsa, kufikitsa ntchito kumapeto. Ka *-ish* kakumapetoko n'kochokera ku *-iss-* yemwe amaoneka aneni ena a Chifalansa akamasintha, monga *nous fournissons*. Ndi kamodzimodzi kali mu *finish*, *punish*, *polish* ndi *nourish*.

Choncho *to furnish* ndi kupatsa munthu kapena malo zomwe zikusowa kuti akwanire. Banki ikakupemphani kuti muchite *furnish* mapepala, ikunena kuti fayilo yanu ndi yosakwanira. Nyumba ya lendi yomwe ndi *furnished* ndi yoti mungolowa ndi chikwama. *Furniture* nalo poyamba linali lotakata: zida za msilikali, zomangira kavalo, chilichonse chokwaniritsira ntchito. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 m'pamene linayamba kukhazikika pa katundu wa m'nyumba. Apa Chingerezi chinayenda chokha. Afalansa mipando ndi makama amazitcha *meubles*, Apwitikizi amati *móveis*, kutanthauza zinthu zosunthika. Ku Paris mukapempha *fournitures* akupatsani makope ndi zolembera, ndipo ku Maputo *fornecedor* si kalipentala, ndi sapulaya.

Pali m'bale wina wobisala. *Perform* linachokera ku *parfournir*, kukwaniritsa kotheratu. Anthu analisokoneza ndi *form* n'kulisintha maonekedwe. Kampani yomwe yalephera *to perform* pa kontrakiti yalephera kukwaniritsa zomwe inalonjeza.

Mnzake wa *furnish* ndi *garnish*, lochokera ku *garnir*, kulimbitsa linga, kulipatsa zida, komanso kuchenjeza. Ndi la banja limodzi ndi *warn*. Lero ophika amalidziwa ngati timasamba tokongoletsera mbale ya chakudya, ndipo *garment*, chovala, ndi mwana wake. Koma kubwalo la milandu tanthauzo lochenjeza lija lili moyo. *Garnishee order* ndi lamulo lochenjeza banki, kapena aliyense wosunga ndalama za munthu wangongole, kuti asamupatse mwini wake koma zipite kwa amene anamukongoza.

## Provide: kuona zisanafike

Pa mawu onsewa, ili ndi lomwe Chichewa chili ndi mnzake wolingana nalo ndendende. *Providere* wa Chilatini ndi *pro*, patsogolo, ndi *videre*, kuona. Ndi kuoneratu. Amene amachita *provide* ndi uja anaona njala ikadali kutali n'kusunga chimanga. Kupereka kunabwera pambuyo, monga chipatso cha kuonako.

Akhristu ali ndi chitsanzo chomwe amachiimba kawirikawiri. Pa Genesis 22, Abrahamu anatcha phiri lija Yehova Yire, ndipo m'Chingerezi dzinali limamasuliridwa kuti *the Lord will provide*. Koma *yire* wa Chiheberi ndi wochokera ku mneni wotanthauza kuona. Zilankhulo ziwiri zosiyana makolo zinafika pa ganizo limodzi, lakuti wosamalira ndi amene amaona. *Providence*, chisamaliro cha Mulungu woona zam'tsogolo, ndi liwu lomwe lili m'dzina la mishoni yomwe John Chilembwe anakhazikitsa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900: Providence Industrial Mission.

Banja la liwuli ndi lalikulu. *Provisions* ndi kamba wa paulendo, chakudya chokonzeratu. Koma *provisions* za lamulo ndi ndime zake, chifukwa opanga lamulo anaoneratu zomwe zingadzachitike n'kulemberatu chochita. *Provisional* ndi chongogwirizira, chokonzedwa kuti chithandize lero podikira chenicheni, monga zotsatira za chisankho zomwe sizinatsimikizidwe. *Prudent*, munthu wochenjera pa chuma, ndi *providens* yemweyo atafupikitsidwa ndi Aroma eni ake. Ndipo *improvise* ndi kuchita zomwe sunazioneretu, monga mayi amene alendo amugwera ndiwo zitatha.

*Providere* analowa m'Chingerezi kawiri. Ulendo wachiwiri, m'zaka za m'ma 1400, anabwera molunjika kuchokera m'mabuku a Chilatini n'kukhala *provide*. Ulendo woyamba anadzera pakamwa pa Afalansa, n'kufika ataphwanyika kukhala *purvey*. Mbiri ya *purvey* ndi yowawa. Mafumu a ku England sankakhala malo amodzi. Ankayendayenda ndi chikhamu cha antchito ndi akavalo. Patsogolo pawo pankapita ma *purveyor*, omwe anali ndi mphamvu yotenga tirigu, ziweto ndi ngolo za anthu pa mtengo womwe iwo anena, malipiro ake n'kubwera mochedwa kapena osabwera n'komwe. Chikalata cha Magna Carta cha mu 1215 chinaletsa kutenga tirigu wa munthu osalipira pompo, koma mchitidwewo unakula pa nkhondo za Edward I ndi Edward III ku Scotland ndi ku France. Mu 1362 nyumba ya malamulo inalamula kuti dzina loti *purveyor*, poti linali litaipa kwambiri, lisinthidwe likhale *achatour*, wogula. Kusintha dzina la ofesi pofuna kuchotsa fungo lake si nzeru ya lero. Ufulu wa mfumu wotenga zinthu motere unathetsedwa mu 1660, ndipo lero *purveyor* ndi liwu lodzikometsera pa zikwangwani za masitolo ogulitsa tiyi ndi vinyo wodula.

*Achatour* uja sanafe. Ndi wa banja la *acheter*, kugula m'Chifalansa, ndipo a ku Normandy ankamutchula kuti *acatour*. Angerezi anameza *a* woyambayo, n'kutsala *catour*, kenako *cater*, wantchito wopita kumsika kukagulira nyumba yaikulu chakudya. Cha m'ma 1600 dzinali linasanduka mneni. Choncho a *catering* amene amaphika mpunga ndi nkhuku paukwati, ntchito yawo yoyamba m'mbiri sinali kuphika, inali kugula.

## Stock ndi store: chitsa ndi nkhokwe

*Stock* ndi liwu la eni nthaka, la Chingerezi chakale, *stocc*, ndipo linkatanthauza chitsa kapena thunthu la mtengo. Pa thunthu m'pomwe nthambi zimaphukira, choncho liwuli linayamba kunena chilichonse chomwe zina zimachokerapo: kholo la mtundu, ziweto zomwe zimaswana, zomwe ndi *livestock*, mpamba wa bizinesi, ndi katundu wa m'sitolo yemwe phindu limaphukirapo. Chipatala chikanena za *stock-out* ndiye kuti mankhwala ena atheratu m'mashelefu.

Pali nkhani ina ya mtengo weniweni. Kwa zaka mazana ambiri, ofesi ya chuma cha mfumu ku England inkalemba malisiti pa timitengo. Ankasema mizere yosonyeza kuchuluka kwa ndalama, n'kukang'amba kamtengoko pakati m'litali mwake. Chidutswa chachitali, chotchedwa *stock*, chinkapita kwa wopereka ndalama. Chachifupi chinkatsala ku ofesi. Pakabuka mkangano ankangolumikiza ziwirizo, ndipo wowonjezera mzere ankagwidwa. Njirayi inasiyidwa mu 1826. Pa 16 Okutobala 1834, antchito anauzidwa kuti atenthe milu ya timitengo totsalato m'ng'anjo za pansi pa House of Lords. Moto unapyola muyeso n'kunyeketsa pafupifupi nyumba yonse ya malamulo. Nyumba yomwe timaiona lero pa zithunzi za London, ya nsanja ya wotchi ija, inamangidwa pambuyo pa motowo.

*Store* linachokera ku Chifalansa chakale *estorer*, kuchokera ku Chilatini *instaurare*, kukonzanso kapena kubwezeretsa. Ndi m'bale wa *restore* komanso *restaurant*, dzina lomwe ku Paris poyamba linkanena msuzi wobwezeretsa mphamvu. M'Chingerezi *store* inali nkhokwe, malo osungira. Ku America ndi m'maiko a atsamunda, komwe wamalonda ankasunga ndi kugulitsira katundu m'nyumba imodzi, liwuli linayamba kutanthauza malo ogulitsira, pomwe ku Britain ankati *shop*. Sitolo yathu inachokera kumeneko. M'maofesi tanthauzo lakale lija lilipobe: wa ku *stores* sagulitsa kanthu, amasunga ndi kutulutsa. Golosale nayo ili ndi mbiri yoseketsa. *Grocer* poyamba anali wogulitsa zinthu *in gross*, mopikulitsa, osati wogulitsa shuga wa pasipuni ndi sopo woduladula.

## Pomwe ambiri amapunthwa

Chichewa chikafuna kusonyeza wolandira chimangosintha mneni: kugula, kugulira, kupeza, kupezera. Chingerezi chilibe njira imeneyi, chimadalira aperekezi, ndipo apa m'pomwe makalata ambiri amakhota. Mukayamba ndi wolandira, pamabwera *with*: *supply the school with beans*, *provide the school with desks*. Mukayamba ndi katundu, pamabwera *to* kapena *for*: *supply beans to the school*, *provide desks for the school*. *Equip* sasinthasintha chotero. Chomwe chimakonzekeretsedwa ndi chombo, osati zingwe, choncho mumati *equip the school with computers*. Simungati *equip computers to the school*. Nalo *provide for*, popanda kutchula katundu, ndi kusamalira, monga bambo kapena mayi amene amachita *provide for* ana ake.

China ndi kuchulukitsa. *Equipment* ndi *furniture* anayamba ngati maina a ntchito, kukonzekeretsa ndi kukwaniritsa, ndipo Chingerezi cha m'mabuku chimawatengabe ngati ufa kapena madzi, zinthu zosawerengeka chimodzichimodzi. *Equipments* ndi *furnitures* zimamveka m'misewu kuchokera ku Lusaka mpaka ku Lagos, ndipo aliyense amamva, koma wochonga mayeso amadula. Wofuna kuwerenga amati *three pieces of equipment*. Koma *supplies* ndi *provisions* zimalandira *s* mosavuta.

## Kubwerera ku chidziwitso cha tenda chija

Tsopano mawu a m'nyuzipepala aja akhoza kuwerengeka limodzilimodzi. *Tender* linachokera ku Chilatini *tendere*, kutambasula: wamalonda akutambasula dzanja, atanyamula mtengo wake. Ndi la banja limodzi ndi *extend* komanso tenti, nsalu yotambasulidwa. M'Chichewa liwuli limavuta pochulukitsa, poti matenda ife timawadziwa kuchipatala. *Procurement*, ntchito yomwe ku Malawi imayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, ndi *pro*, m'malo mwa wina, ndi *cura*, chisamaliro. Wa *procurement* amagula ndi ndalama zomwe si zake, pogulira anthu ena, ndipo malamulo onse omuzungulira anabadwa pa chifukwa chimenecho. *Proxy*, woimira mnzake pamsonkhano, ndi liwu lomweli litafupika.

Olemba makontrakiti samanga mawu atatu aja, *supply, delivery and installation*, pamodzi pofuna kukometsa. Kontrakiti ikangoti *supply*, pakhoza kubuka mkangano wa yemwe alipire thiraki yochokera ku doko la Beira kapena ku Nacala, ndi yemwe aluze katundu akawonongeka panjira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo *delivery* ndi liwu lomwe limafikitsa fodyayo pamphuno. Linachokera ku Chilatini *liberare*, kumasula. Wobweretsa katundu amamumasula m'manja mwake n'kumusiya m'manja mwa wogula, ndipo wa ku *stores* akasaina *delivery note* udindo umasamuka. Tanthauzo lomasula lija ndi lomwe lili m'pemphero la Ambuye, *deliver us from evil*, komanso ku chipinda cha *delivery* kuchipatala. Angerezi amaona mayi amene wamasulidwa ku mtolo wake. Ife timati mayi wachira.

Makina ofika pakhomo ali m'bokosi sanayambe kuthandiza munthu, n'chifukwa chake pamabwera liwu lachitatu. *Install* linachokera ku Chilatini cha m'matchalitchi, *installare*, kukhazika munthu mu *stall*, mpando wake wa m'tchalitchi chachikulu. Poyamba ankachita *install* ansembe akuluakulu ndi mabishopu. Makina anayamba kuchitidwa *install* m'zaka za m'ma 1800. Choncho khadi loitanira anthu ku mwambo wolonga ufumu likalembedwa kuti *installation ceremony*, ndilo lagwiritsa ntchito tanthauzo loyambirira, ndipo jenereta ya pachipatala yomwe amisiri akuimangirira pa simenti ndiyo yabwereka liwu la mafumu ndi mabishopu.